Ndinanamizira Mphepo ya ku Simikot

1

Dzina langa ndine Kopila, ndipo ndinanama. Ndinanama pamaso pa akuluakulu anayi, nditavala yunifolomu yosita bwino, mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono. Bodza limenelo ndinalinena chifukwa cha chikondi, ndipo panapita miyezi isanu ndi umodzi ndisanadziwe chimene ndinkateteza.

Ndinali woyendetsa ndege wachiwiri pa kampani ina yaing'ono ku Nepalgunj. Tinkanyamula anthu, matumba a mpunga, simenti ngakhale malata kupita nazo kumapiri a Humla ndi Dolpa. Mpando wakumanja unali wanga. Wakumanzere unali wa kaputeni, ndipo kaputeni amene ndinkauluka naye kawirikawiri anali Tekendra Malla, mwamuna wanga.

Pabwalo la ndege ankamutcha Kaputeni Mawa. Mitambo ikangokayikitsa, iye ankavula chipewa n'kuuza okwera kuti, "Tipita mawa." Ena ankatukwana, ena ankaopseza kuti akamunenera kwa mabwana, koma iye ankangomwa tiyi wake. Ndi iye anandiphunzitsa lamulo limene ndinkalitenga ngati pemphero.

"Mundege mulibe mwamuna ndi mkazi, mulibe wamkulu ndi wamng'ono. Mmodzi akati tibwerere, tabwerera. Zofunsana tikafunsana pansi."

Ndinamukonda chifukwa cha mawu amenewo.

Vuto linali limodzi. Zaka zisanu m'banja, mwana osaoneka. Apongozi anga, amene tonse tinkawatchula kuti Ama, sankabisa mawu. Ine ankanditchula buhari, kutanthauza mkazi wa mwana wawo.

"Buhari, ndege siyamwa bere. Udzaibereka kumbuyo ukakalamba?"

Koma chaka chomaliza chija anasiya kundinena. Ankandisungira chakudya, ankandifunsa ngati ndatopa. Ine ndinkati mtima wawo wafewa.

2

Linali tsiku la mu Disembala. Tinayenera kunyamuka 7 koloko m'mawa kupita ku Simikot, tauni ya kumapiri a Humla, koma chifunga chinaphimba bwalo lonse moti ngakhale mapiko a ndege yathu sankaoneka. Okwera analipo khumi ndi atatu, ndipo mmodzi wa iwo anali Ama. Ankati akukaona mng'ono wawo amene anadwala mwakayakaya. Nditafuna kuwanyamulira chikwama, anachikumbatira.

"Chisiye, buhari, muli mankhwala a wodwala."

Foni ya Tekendra inkangolira. Ikalira ankapita nayo kuseri kwa galimoto ya mafuta, n'kubwerako nkhope ili gwa.

"Ndani ameneyo?"

"Harka. Akufunsa ngati tikubwera."

Harka anali woyang'anira ofesi yathu ku Simikot, choncho sindinadabwe.

Chifunga chinayamba kuchoka itadutsa 10 koloko. Aliyense wouluka njira imeneyo amadziwa kuti dzuwa likakwera, mphepo ya m'chigwa cha Karnali imadzuka, ndipo msewu woterapo ku Simikot ndi waufupi, wolowera mbali imodzi yokha.

"Tilepheretse ulendowu," ndinatero. "Tikafika nthawi itatha."

"Anthuwa agona pabenchi masiku anayi. Kuyambira mawa kukugwa chipale chofewa, bwalo litsekedwa. Ukufuna Ama akapeze maliro?"

"Maso anu afiira. Munagona bwino?"

"Iwe wasanduka dokotala liti? Tiye tikaone. Zikavuta tibwerera."

Tikaone. Mawu amenewo iye mwini ankatiuza kuti apha oyendetsa ndege ambiri kuposa injini zowonongeka. Ndinamuyang'ana, ndinayang'ana Ama ali pabenchi ndi chikwama chawo, ndipo ndinasayina pepala.

3

Mphindi makumi atatu zoyamba zinali zabwino. Titalowa m'chigwa, ndege inayamba kudumpha ngati ngolo pamsewu wa miyala. Kumbuyo mwana wina analira, mayi wina anayamba kupemphera mokweza.

Pali malo amodzi pamene chigwacho chimatambasuka, pomwe ndege ingathe kutembenuka bwinobwino. Ukadutsa pamenepo, mapiri amakupanikiza mbali zonse, ndipo chotsala ndi kutera basi. Tisanafike pamalopo ndinaitana a kunsanja yoyang'anira ndege ku Simikot. Nthawi yomweyo Tekendra anatembenuzira zomvera zake ku wailesi yachiwiri, ya kampani, n'kuyamba kulankhula ndi Harka m'chilankhulo cha kwawo ku Humla. Ine ndine wa kum'mawa, ku Ilam, ndinkangotolapo mawu amodziamodzi.

A kunsanja anandiuza kuti mphepo ikuchokera kumbuyo kwathu, liwiro lake 18. Ndinabwereza nambalayo kuti atsimikize. Malire a ndege yathu anali 10.

Ndinamugwira mkono Tekendra.

"Mphepo yakumbuyo, 18. Tibwerere."

"Ndamva."

Ndege sinatembenuke.

"Kaputeni, ndati 18. Tibwerere pano pomwe."

"Itsika tikamafika."

"Tekendra!"

"Khala chete! Ndege ili m'manja mwanga."

Sanandikalipirepo chotero, kunyumba kapena kuntchito. Malamulo amandilola, zikafika pamenepo, kunena kuti ndatenga ndege n'kuitembenuza ndekha. Manja anga anali pafupi ndi chiwongolero. Koma ndinaona mwamuna wanga, osati kaputeni wolakwitsa, ndipo ndinabweza manja pamiyendo. Malo otembenukira aja anadutsa pansi pathu.

Mphepo inatikankha ngati dzanja la chimphona. Matayala anagunda pansi titadya kale theka la msewu. Tekendra anaponda mabuleki, tayala lakumanzere linaphulika, ndege inakhotera kumbali, n'kudumpha mapeto a msewu. Mphuno yake inakalowa m'ngalande ndipo phiko linamenya khoma la miyala.

Kenako kunali zii, mpaka kukuwa kunayamba.

Palibe anamwalira. Koma mpando wa kutsogolo unazuka, ndipo bambo amene anakhalapo, aphunzitsi a Gorakh Rokaya, anathyoka msana. Powatulutsa ankangonena kuti, "Miyendo yanga ili kuti? Sindikuimva."

4

Malamulo amati ngozi ikachitika uzimitse magetsi onse a ndege, kuti makina ojambula mawu a oyendetsa asafufute zomwe ajambula. Tekendra anawasiya oyaka nthawi yaitali, akuti ankafuna wailesi. Ine ndinali kalikiliki ndi ovulala, sindinaganizepo kanthu. Ama anatuluka opanda bala, ndipo ndisanawafunse kuti ali bwanji anali atatsetsereka kale kulowera kumsika ndi chikwama chawo.

Madzulo ake chipale chofewa chinayamba kugwa, ndipo tinatsekeredwa ku Simikot masiku atatu. Ndinkakhala ndekha m'chipinda cha alendo cha kampani. Tekendra ankachoka m'mamawa, kubwera dzuwa litapendeka.

"Ndinali kuchipatala," ankatero. Ine ndinkati akukhala ndi ovulala.

Tsiku lachiwiri masana analowa, anatseka chitseko, n'kugwada. Mwamuna wa mtundu wonyada wa Malla kugwadira mkazi wake.

"Kopila, andilanda laisensi mpaka kalekale. Zaka makumi awiri zithera pano."

"Ndinakuuzani katatu."

"Ndikudziwa. Ndinkangoganiza za Ama ndi mng'ono wawo. Mutu unazungulira." Anandigwira mapazi. "Makina aja afufuta zonse. A kunsanja akudziwa kuti ndinali pa wailesi ina. Ukangonena kuti lilime linaterereka, unandiuza 8 m'malo mwa 18, nkhani yatha."

"Ndiye ine?"

"Iwe ndi wachiwiri. Akutumiza kukaphunziranso miyezi itatu, basi. Ine ndikagwa tagwa tonse, nyumba yonse. Ndidzakubwezera pampando wako ndi manja anga, ndikulumbira pa mutu wa Ama."

Analira. Ndinali ndisanamuonepo akulira. Ndinamudzutsa, ndinamupukuta nkhope ndi mpango wanga, ndipo ndinati, "Chabwino."

5

Ku Kathmandu, kulikulu, anatifunsa aliyense payekha. Mwa akuluakulu anayi aja munali bambo wina wa imvi, kaputeni wopuma ntchito, amene ankandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mwana wanga, ndamvetsera zojambulidwa za kunsanja. Unabwereza 18 momveka bwino. Mpweya umodzi wokha pambuyo pake, ukuti unanena 8?"

"Inde, bwana. Ndege inkagwedezeka, ndinasokonezeka."

"Sunanene kuti mubwerere?"

"Ayi."

Anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Ndikufunsanso kamodzi, ndipo usathamange. Amene ali kunja kwa chitsekoyo ndi mwamuna wako kunyumba. Muno ndi kaputeni chabe."

"Ndanena zoona, bwana."

Sizinali miyezi itatu. Laisensi yanga anaiimitsa chaka chathunthu, ndipo kampani inandichotsa ntchito sabata yomweyo. Nkhani inafalikira. Pamsika ku Nepalgunj ndinamva wogulitsa masamba akuuza mnzake kuti, "Ndi uyo, mkazi wosadziwa kuwerenga uja. Kupatsa mkazi ndege!" Atsikana awiri amene ankaphunzira kuuluka anasiya kundipatsa moni, poti ndinawachititsa manyazi.

Tekendra anadzudzulidwa chifukwa chonyamuka mochedwa, anapuma miyezi iwiri, n'kubwerera pampando wake. Ndinkamusitira yunifolomu m'mawa uliwonse. Maulendo ogona kunja anachuluka. Ama nawonso ankakhalitsa ku Humla, akuti mng'ono wawo akuchira pang'onopang'ono. Akabwera ankandisisita paphewa.

"Mwina milungu yakupatsa mpata wokhala pakhomo, buhari. Usadandaule."

Chimene chinkandisowetsa mtendere sichinali ntchito. Anali mawu a aphunzitsi aja ofunsa miyendo yawo.

6

Mu Juni, mvula isanayambe, Tekendra anati akupita ku maphunziro a masiku atatu ku Kathmandu, ndipo Ama anali kale kumapiri. Ndinagula tikiti pa kampani ina, ndinavala magalasi akuda, n'kukwera ngati wina aliyense kupita ku Simikot. Ndinkafuna kukapepesa.

Nyumba ya a Rokaya inali pamwamba pa sukulu. Ndinawapeza atagona pakhonde, pamphasa yokhuthala, akukonza makope a ana amene ankawabweretsera. Akazi awo anandizindikira nthawi yomweyo. Ndinayembekezera kulavuliridwa, koma anandiyalira pokhala n'kundipatsa tiyi wa mchere.

"Aphunzitsi, ndine amene ndinakupundulani. Ndabwera kuti mundinene zonse zimene zili mumtima mwanu."

Anatseka kope.

"Bahini, mlongo wanga, ine ndinakhala kumbuyo kwanu kwenikweni, ndipo ndege ija ilibe chitseko pakati. Mawu sindinawamve chifukwa cha injini. Koma ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu, ndimadziwa munthu amene akuchonderera ndi amene akukana. Dzanja lanu linaloza kumbuyo katatu. Kachitatu anakukankhani."

Tiyi anandithera kukoma.

"Bwanji simunanene?"

"Anandifunsa ndani? Ndinali chigonere ku Kathmandu miyezi inayi. Nditamva kuti mwavomera mlandu, ndinati mwina mukudziwa chimene mukuchita."

Akazi awo anaseka kuseka kowawa.

"Akudziwa chiyani ameneyu? Tamuonani nkhope. Simikot yonse ikudziwa, mpaka abulu onyamula simenti, iye yekha ndiye ali mumdima."

"Mayi, taleka," anatero aphunzitsi.

"Ndileke chiyani? Ine ndimakunyamulani kupita nanu kuchimbudzi tsiku ndi tsiku, ndileke?" Anatembenukira kwa ine. "Mng'ono wa apongozi ako anamwalira zaka khumi zapitazo, ndinali nawo pamaliro. Tsetsereka kuseri kwa msika, pali nyumba ya denga labuluu. Lero kuli mwambo. Pita ukadye nawo."

7

Ndinamva ng'oma ndisanaione nyumbayo. Pabwalo panali anthu ngati makumi anayi, mbale za mpunga ndi nyama ya mbuzi zikuzungulira. Unali mwambo wodyetsa mwana chakudya choyamba, umene mwana wamwamuna amachitiridwa akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi.

Ama anakhala pakati, atanyamula khanda lovala zofiira. Pambali pawo panali mtsikana wowonda, wamanyazi, wa zaka ngati makumi awiri ndi ziwiri. Ndipo amene anagwada kutsogolo, supuni yasiliva m'manja, akuika phala la mpunga m'kamwa mwa mwanayo, anali mwamuna wanga wa ku maphunziro ku Kathmandu.

Ndinawerenga miyezi chobwerera m'mbuyo. Juni, Meyi, Epulo, mpaka Disembala.

Harka ndiye anayamba kundiona. Mbale inamugwa m'manja. Ng'oma inasiya.

Tekendra anadzuka, supuni ikadali m'manja.

"Kopila, tiye tikalankhulire kuseri."

"Pano pomwe. Mwanayu anabadwa liti?"

Mtsikana uja ndiye anatsegula pakamwa, mawu ake ang'onoang'ono.

"Tsiku la ngozi lija, didi, mkulu wanga. Madzulo ake." Anayang'ana Tekendra, n'kuyang'ananso ine. "Anandiuza kuti munavomera. Anati ndinu munawatuma Ama kudzandifunsira."

"Dzina lako ndani?"

"Jaumati."

Ndinatembenukira kwa Harka.

"Dai, achimwene, tsiku lija pa wailesi munkamuuza chiyani?"

Harka anayang'ana pansi.

"Kuti matenda avuta. Kuti akutaya magazi ndipo akumuitana dzina. Mphepo ndinamuuzanso, bahini, ndikulumbira. Ndinati asabwere."

"Ankafa, Kopila!" Tekendra anakuwa. "Adokotala ankati mwina sapulumuka, iye ndi mwana yemwe. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Munali dokotala inu? Munabweretsa magazi? Mafuta a mkaka wa njati odyetsa wobereka ndi matewera m'chikwama cha Ama, ndizo munaikira anthu khumi ndi atatu pakamwa pa imfa?"

"Sukumvetsa."

"Ndikumvetsa bwino. M'mawa uja kunali kaputeni wapadera atakhala kunyumba kwake, akudikira foni. Mukanangoti mutu wanga suli bwino lero, ndege ikanapita ndi wina kapena ikanagona. Koma mukanati chavuta n'chiyani, pamaso pa ine? Munaopa kuti ndidziwa. Munasankha kugwetsa ndege kusiyana ndi kundiuza zoona."

Ama anapereka mwana kwa Jaumati n'kuimirira.

"Usatisokonezere mwambo, buhari. Zaka zisanu tinakudikira. Ukanabereka, bwenzi zonsezi kulibe. Palibe anakuthamangitsa, ndiwe wamkulu pakhomo, ukufunanso chiyani?"

"Munkadziwa kuti ndikunama chifukwa cha iye?"

"Mkazi amaphimba mwamuna wake. Unachita zoyenera."

Ndinayang'ana Tekendra kuti mwina anenapo kanthu. Ankayang'ana supuni. Pamenepo ndinakumbukira masiku atatu aja ndili ndekha m'chipinda chozizira, iye ali kuchipatala monga ankanenera, atanyamula mwana wake, kenako n'kubwera kudzandigwira mapazi ndi manja omwewo.

Sindinalire pamaso pawo. Mwanayo analibe mlandu, choncho ndinatenga ndalama m'chikwama n'kumuikira m'kadzanja monga mwambo umafunira. Kenako ndinakwera phiri kubwerera kwa a Rokaya, ndipo kumeneko ndi kumene ndinalira, mutu uli pamiyendo ya mayi amene mwamuna wake sadzayendanso.

8

Patatha masiku anayi ndinagogoda pa ofesi ya kaputeni wa imvi uja. Atandiona sanadabwe.

"Wachedwa, mwana wanga. Khala pansi."

Ndinanena zonse. A Rokaya analemba umboni wawo ali chigonere. Harka anakana kawiri, kachitatu anavomera. Tekendra anamulanda laisensi, ndipo sadzaulukanso. Ine anandiwonjezera zaka ziwiri chifukwa chonamiza ofufuza, ndipo sindinadandaule, poti chilango chimenecho chinali changadi. Banja linatha m'khoti m'mawa umodzi. Ama anauza abale onse kuti ndinawononga mwana wawo chifukwa cha nsanje, ndipo ambiri akukhulupirira mpaka lero. Tekendra anandilembera uthenga umodzi wokha: "Wakhutira?"

Panopa ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya oyendetsa ndege, m'kalasi, pansi. Phunziro langa ndi la kapangidwe ka chiganizo chouluka kapena ayi: kuyeza nyengo, kuyeza ndege, ndi kudziyeza wekha usanakwere. Ophunzira atsopano amafika atamva kale mbiri yanga, choncho ndimawauza ndekha tsiku loyamba, osachotsapo gawo langa. Laisensi yanga ibwerera chaka chamawa. Sindikudziwa ngati pali kampani idzandilandire.

Inu amene mukuwerenga, mwina mukuti Tekendra ndi chilombo. Masiku ena nanenso ndimatero. Koma anali woyendetsa ndege wosamala kuposa onse amene ndinawadziwa, ndipo chimene chinamugwetsa si mphepo. Anakwera ndege ndi chinsinsi, ndipo chinsinsicho ndicho chinagwira chiwongolero. Ine ndinaona zizindikiro zonse, maso ofiira, foni yolira, ukali wachilendo, ndipo chilichonse ndinachipezera chifukwa chabwino, poti ndinkamukonda.

Kusakhulupirika kwake m'banja mwina ndidzakukhululuka ndikadzakalamba. Chimene sindingathe kumeza n'chakuti anadziwa kuti ndimamukonda mpaka kunama, ndipo anagwiritsa ntchito chikondicho ngati chida.

Ngati wina amene mumamukonda akukupemphani kuti musenze mlandu wake, mufunseni kaye funso limene ine sindinafunse: unachitiranji? Akayankha msanga ndi misozi, funsaninso. Ndipo ngati muli pampando wakumanja, kaya ndi mundege, m'galimoto kapena m'nyumba, ndipo mwanena katatu kuti tibwerere koma sakumva, musabweze manja pamiyendo monga ndinachitira ine. Ine ndinataya ntchito ndi banja, koma ndimadzuka m'mawa n'kuyenda ndekha. A Rokaya amadikira kuti wina awatembenuze.